Lamba Akakalamba, Nyimbo Imagona

Senderani kuno, azakhali anu abwera ndi funso. Munamvapo pa wailesi akunena kuti woyimba wakutiwakuti watulutsa chimbale? Chimbale chanji? Chodyeramo nsima kodi? Ayi ndithu! Kale nyimbo ankazisunga pa chinthu chakuda, chozungulira, chophwatalala ngati mbale. Anthu anangochitcha mbale basi. Makina oyimbira mbalezo ndiye galamafoni. Masiku ano nyimbo zinasamukira mu foni, koma dzina lija linakana kusamuka.

Nanga nyimbo imabisala pati pa mbalepo? Mukaiyang'anitsitsa powala, muona timizere tambirimbiri tozungulira. Mungayese kuti tilipo mazanamazana. Koma mzere ndi umodzi wokha mbali iliyonse! Umayambira m'mphepete. Umazungulira, n'kuzungulira, n'kuzungulira, mpaka kukafika pakati, ngati bongololo akadzipinda. Mutati muutambasule mzere wa mbale yaikulu, ungapitirire mamita 400. Amenewo ndi mabwalo a mpira 4 kuwalumikiza m'litali. Tangoganizani! Ulendo wonsewo pa kambale koti mukhoza kukavindikira ndi lichero.

Kodi mzere ungayimbe bwanji? Mzerewo ndi kangalande kakang'ono, kochepa ngati tsitsi limodzi. M'mbali mwake muli timakhotamakhota tosaoneka ndi maso. Singano ya galamafoni ikamadutsamo imanjenjemera. Kunjenjemerako kumasanduka timagetsi tochepa kwambiri. Makina amatikuza n'kutitumiza ku sipika, ndipo sipika imayamba kuyimba. Tiyeni tiyese. Tengani chipeso. Yendetsani chikhadabo pa mano ake pang'onopang'ono. Mwamva? Mawu ake ndi otsika, ngati a chule wamkulu kudambo. Tsopano yendetsani mwachangu. Akwera, ngati udzudzu pakhutu! Chipeso n'chomwecho, mano ndi omwewo. Chasintha ndi liwiro lokha. Sungani bwino chinsinsi chimenechi, tichifuna posachedwa.

Anayamba nzeru imeneyi ndani? Mu 1877, ku America, Thomas Edison anapanga makina ojambula mawu n'kuwabwezanso. Koma iye sanagwiritse mbale. Anagwiritsa chinthu chonga chitini, chokutidwa ndi kapepala kachitsulo. Mu 1887 Emile Berliner ndi amene anabwera ndi mbale yophwatalala. Mbale zakalekale zinkazungulira maulendo 78 pa mphindi imodzi, ndipo pakangotha mphindi zitatu kapena zinayi nyimbo yatha. Zikagwa pansi zinkasweka ngati phale. Galamafoni yake inali yochita kupukusa ndi dzanja. Mu 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale za pulasitiki zoyenda modekha, zoyimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Chaka chotsatira RCA Victor inatulutsa timbale tating'ono toyenda maulendo 45.

Ine galamafoni ndinaidziwira kuti? Agogo anu aamuna anali nayo, ya magetsi. Inkakhala pabalaza, itafunda kansalu koluka, ndipo mwana sankaikhudza. Chaka chatha ndinaitulutsa m'kabati. Ndinaipukuta, n'kuikapo mbale, n'kutsitsa singano. Mayo ine! Mayi woyimbayo anatulutsa mawu ngati a abambo ongodzuka kumene. Nyimbo inkachita kukwawa. Apa yathamanga pang'ono, apa yafooka, apa ikufuna kugona. Ndinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinaikulunga m'chitenje, ulendo kwa amisiri okonza mawailesi.

Anapeza chiyani amisiriwo? Poyamba anazula pulagi. Chimenecho musaiwale, ana anga, magetsi saseweretsa. Anachotsa kamphasa ka mphira kamene mbale imagonapo. Kenaka anakweza gudumu lachitsulo lozungulitsa mbale ndi manja awiri. Pansi pake panali kamota, kali ndi kamutu kochepa ngati nsonga ya chala. Ndipo panali lamba wakuda wa mphira, wopyapyala, ali lende. Amisiri anamunyamula ndi zala ziwiri. Anati, "Mayi, matenda ndi awa. Lamba wanuyu wakalamba."

Lambayo ntchito yake n'chiyani? Munapitako kuchigayo? Injini imalira uko, chigayo chili apa, ndipo chimene chimazilumikiza ndi lamba. Makina opalasa a atelala nawonso ali ndi lamba wake. Mu galamafoni n'chimodzimodzi. Kamutu ka mota kamazungulira mothamanga kwambiri. Lamba amakola kamutuko, n'kukolanso gudumu. Poti kamutuko n'kakang'ono ndipo gudumu ndi lalikulu, kamutu kamazungulira kambirimbiri kuti gudumu lizungulire kamodzi. Yesani nokha. Imikani pensulo ndi chitini patebulo, muzikole ndi lastiki imodzi. Mnzanu agwire chitini mosalimbitsa, inu muzipotokola pensulo. Werengani kuti mwaipotokola kangati chitini chisanathe ulendo umodzi.

Bwanji osangolumikiza mota ku gudumu popanda lamba? Magalamafoni otero alipo, ndipo amagwira ntchito bwino. Koma lamba ali ndi luso lake limene ine ndimalikonda. Mukaima pafupi ndi chigayo, si paja pansi pamanjenjemera? Kamota nakonso kamanjenjemera, ngakhale pang'ono. Tsono singano ija ndi kazitape. Imamva chilichonse, n'kukaulula ku sipika. Mphira ndi wofewa, choncho amameza kunjenjemerako panjira. Gudumu limalandira mphamvu yokha, phokoso limatsalira m'mbuyo. Kachingwe kamodzi, ntchito ziwiri!

Nanga lamba amakalamba bwanji, poti alibe imvi? Kumbukirani lastiki ya kabudula wakale. Poyamba imagwira chiuno zolimba. Pakapita nthawi imatamuka, kabudula n'kumatsika yekha. Lamba nayenso amatamuka. Amayamba kuterereka pa kamutu kaja, gudumu n'kumachedwa. Mwakumbukira chipeso? Liwiro likachepa, mawu amatsika. Ndiye chifukwa chake mayi woyimba uja anasanduka abambo! Lamba wina akakhalitsa zaka zambiri amachita kusungunuka, n'kumata ngati phula. Mankhwala ake ndi osavuta. Amisiri anaviika kathonje mu sipiriti, n'kupukuta kamutu ndi malo onse odutsa lamba. Thonjelo linatuluka lili bii. Anasamba m'manja, n'kukoleka lamba watsopano wa msinkhu woyenera, mosamupotoza. Anadonthezanso dontho limodzi la mafuta a makina m'kabowo momwe mumazungulira mwendo wa gudumu. Limodzi lokha. Mafuta akakhudza lamba, kuterereka kwayambiranso.

Tidziwa bwanji kuti tsopano likuyenda bwino? Apa ndiye pokoma, chifukwa tiwerenga! Mbale yaikulu imayenera kuzungulira maulendo 33 ndi kachidutswa pa mphindi imodzi. Kachidutswako n'kovuta kuwerenga. Koma mukadikira mphindi 3, tizidutswa titatu timapanga ulendo wathunthu, ndipo zonse zimakwana 100 ndendende. Amisiri anamata kapepala koyera m'mphepete mwa gudumu. Iwo anagwira wotchi, ine ndinkawerenga kapepala kakamadutsa pamaso panga. Ndinasokoneza pa 60, tinayambiranso. Ulendo wachiwiri, pomwe ankati "Basi!" ine ndinali nditangotchula 100. Tsopano nayi samu yanu. Ngati mphindi 3 ndi maulendo 100, mbali ya mbale yoyimba mphindi 21 izungulira kangati? Phimbani yankho ndi chala, muyambe mwaganiza. Ndi 700!

Kodi singanoyo ndi yonga yosokera? Ayi. Kunsonga kwake kuli kamwala kochepa kuposa mchenga umodzi waukulu, ndipo nthawi zambiri kamakhala ka dayamondi. Inde, dayamondi weniweni! Singanoyo imakhala kumapeto kwa mkono wautali. Iyenera kuponda mbale mopepuka, pafupifupi magalamu 2. Kumeneko ndi kulemera kwa njere za chimanga 6 kapena 7. Ziikeni pachikhatho. Mukuzimva n'komwe? Kumbuyo kwa mkono kuli kachitsulo kolemera kamene amakasendeza uku ndi uku. Gonekani rula pa pensulo, muike chofufutira mbali imodzi, muzisendeza mpaka rula italeka kupendekeka. Amisiri amatero kumene. Amayamba aimika mkono m'malere, kenaka n'kuonjezera timagalamu tija. Singano ikapepukitsa imadumphadumpha. Ikalemeretsa imalima mbale ngati khasu. Anthu ena kale ankasanjika ndalama yachitsulo pamwamba pa singano kuti isadumphe. Ine zimenezo sindigwirizana nazo. Nyimbo imayimba lero, koma kangalande kaja kakuperepeseka.

Nanga kuthetheka kuja, ngati chimanga chili pa chiwaya, kumachokera kuti? Ndi fumbi. Kwa inu fumbi si kanthu, koma kwa singano ndi mwala pamsewu. Choncho mbale amaipukuta ndi burashi yofewa, motsatira mzere. Amaigwira m'mphepete mokha, chifukwa zala zimasiya mafuta. Amaisunga choimika ngati buku, kutali ndi dzuwa, poti ikatenthedwa imapindika. Tebulo nalo lisapendekeke. Ikanipo kapu ya madzi muone ngati madziwo akhala mofanana mbali zonse.

Mayi uja anadzuka kodi? Anadzuka! Titafika kunyumba ndinatsitsa singano pang'onopang'ono. Kunamveka kuthetheka kawiri, the, the. Kenaka gitala. Kenaka mawu ake enieni, okwera bwino, ngati waima pakhomo pomwepo. Agogo anu aakazi anali pakhonde akusankha nyemba. Anasiya lichero, n'kulowa m'nyumba akugwedeza mapewa.

Kodi mbale yopita kutali kuposa zonse ili kuti? Yang'anani kumwamba usiku. Mu 1977 bungwe la NASA linatumiza zombo ziwiri m'mlengalenga, Voyager 1 ndi Voyager 2. Chombo chilichonse chinanyamula mbale ya mkuwa yokutidwa ndi golide. M'mbalemo muli nyimbo, kulira kwa mbalame, mkokomo wa bingu, ndi moni m'zinenero 55. Ndipo tamverani izi, ana anga: chimodzi mwa zinenero zimenezo ndi Chinyanja! Zombozo zidakali paulendo mpaka lero, kutali kupitirira mapulaneti onse ozungulira dzuwa. Singano anaikamo, koma galamafoni sanaikemo. Amene adzatole mbaleyo adzayenera kupanga yakeyake. Tsono adzadziwa bwanji liwiro, kuti moni wathu asamveke ngati chule kapena udzudzu? Pa chivindikiro anajambulapo chithunzi chomuuza kuti ulendo umodzi utenge masekondi 3.6. Mbale ya agogo anu imatha maulendo awiri pa nthawi yomweyo. Taimirirani, mutambasule manja. Mnzanu awerenge masekondi 4, inu muzungulire kamodzi kokha, modekha. Mwayenda ngati mbale ya golide! Bwerezani katatu, koma chizungulire chikakugwirani, khalani pansi msanga.