DZINO LOZIKA M'FUPA: LIMAKHALA ZAKA ZINGATI?

M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anali kufufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu. Anazika kachipangizo ka chitsulo cha titanium m'fupa la mwendo wa kalulu, ndipo pofuna kukachotsa anapeza kuti fupa lakakumbatira kolimba, osalola kuti kazuke. Apa ndi pamene panachokera nzeru yozika kamsomali ka titanium m'nsagwada ndi kumangapo dzino loikirira. Munthu woyamba kulandira mano otere, mu 1965 ku Gothenburg, anamwalira mu 2006 tizitsuloto tikadali m'kamwa mwake.

Komatu si onse amene zimawayendera chomwechi. Pakatha zaka 10, mwa tizitsulo 100 toposa 90 timakhala tikadalimba. Totsalato timagwedera kapena kuchotsedwa, ndipo zifukwa zake n'zodziŵika.

Ngozi yoyamba ili m'miyezi yoyambirira. Fupa limafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti ligwirane ndi chitsulo, ndipo nsagwada ya m'mwamba imachedwerapo popeza fupa lake ndi lofeŵa. Pa nthaŵi imeneyi mdani wamkulu ndi fodya. Utsi wake umachepetsa magazi ofika m'nkhama, motero chilonda chimapola mochedwa. Matenda a shuga osasamalidwa amachita chimodzimodzi, ngakhale kuti wodwala amene amatsata bwino mankhwala ndi zakudya angathe kuikidwa dzinoli. Amene anaotchedwa nsagwada ndi cheza pochiza khansa, ndiponso amene amalandira mankhwala ena amphamvu olimbitsa mafupa, ayenera kuuza dokotala wa mano ntchito isanayambe.

Ngozi yachiŵiri imadza mwakachetechete patapita zaka. Dzino lachibadwa limamangirizidwa ku fupa ndi timinyewa tating'ono timene timalipatsa mpata wonyuka pang'ono potafuna, komanso timachenjeza mwini wake akaluma chinthu cholimba. Dzino lozika lilibe timinyewa timeneti. Silibooka, silifumbwa, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti silifuna kutsuka. Uku ndi kudzinamiza koopsa. Zakudya zikatsalira m'mphepete mwake, tizilombo timaswana, nkhama zimatupa ndi kuchucha magazi, kenaka fupa lozungulira chitsulo limayamba kudyeka. Kaŵirikaŵiri munthu samva kuŵaŵa kulikonse. Akamadzaona mafinya kapena kumva dzino likugwedera, fupa limakhala litapita kale. Amene mano ao anagweluka chifukwa cha chiseyeye ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, pakuti tizilombo tomwe tinagwetsa mano akale tingathe kuononganso atsopanowo ngati chiseyeyecho sichinachizidwe.

Palinso anthu okukuta mano m'tulo, ena osadziŵa n'komwe mpaka atauzidwa ndi amene amagona nawo chipinda chimodzi. Mphamvu imeneyi imamasula kamsomali kogwira dzino la pamwamba, imalibenthula, nthaŵi zina n'kuthyola chitsulo chenichenicho. Dokotala amawapangira chotchinga chovala m'kamwa usiku.

Omvera asiyanitse zinthu ziŵiri: chitsulo cha m'fupa, ndi dzino looneka pamwamba. Lapamwambalo limatha msanga ndipo lingasinthidwe popanda kukhudza fupa. Koma chitsulo chikagwedera sichimangidwanso. Chimachotsedwa, fupa limadikiridwa kuti lipole, mwina kuonjezeredwa fupa lina, ndipo mtengo wonse umayambiranso. Wokhala kutali ndi dokotala wa mano wodziŵa ntchitoyi aŵerengere pasadakhale ulendo wokaonetsa dzinolo kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, kwa moyo wake wonse.