KHUNTHO SACHOTSA CHUKU M'MOWA WA MASESE

M'midzi ya ku mapiri a Dedza, monga ku Bembeke ndi ku Mayani, mowa wa masese ukali ndi malo ake pa maliro, pa zinamwali ndi pa ntchito za dima. Amayi ambiri amapezamonso ndalama zophunzitsira ana. Chifukwa chake nkoyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma adziwe zowalangiza ofulula atsopano.

Zipangizo zake ndi zochepa: mbiya yaikulu kapena mgolo, mthiko, chipanda, ndi khuntho wolukidwa bwino. Wofulula amaviika mawere kapena chimanga kufikira zitamera, naziyanika, nazipera kukhala chimera. Chimeracho amathira m'phala lozizira, nalisandutsa lotsekemera. Patapita masiku, mowa ukapsa, amaukuntha kuti gaga ndi makoko zitsalire m'khuntho.

Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July mowa umachedwa kupsa chifukwa cha chisanu. Wophunzira asafulumire kukuntha. Afunde mbiya ndi kuiika potentherapo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma cholakwa chachikulu ndicho kuyesa kuti khuntho amachotsa zoipa zonse. Iye amagwira zooneka ndi maso zokha. Chimanga chowola, chimene ena amachisungira mowa poona kuti sichiyenera nsima, chimakhala ndi chuku, ndipo ululu wa chuku sutha ndi moto kapena khuntho. Mu 2014 Limbikani Matumba ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza mowa wa chimanga wa m'midzi ya Malawi: munali ululu wa mitundu iwiri, aflatoxin ndi fumonisin. Woyambawo umaononga chiwindi pang'onopang'ono, womwayo osazindikira. Momwemonso mgolo umene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu suyenera mowa, ngakhale autsuke kangati.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Komabe lamulo silingasuzumire m'mbiya iliyonse. Mlangizi wa zaulimi ndi mphunzitsi ndiwo ali pafupi ndi mudzi, ndipo mau awo akhale awa: sankhani chimanga, umitsani chimera, tsukani mbiya, kukuntha kubwere pambuyo.