Kusefukira kwa nyanja ku Mangochi: zokamba anthu ndi zoona zake

M'chaka cha 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu. Kuyambira ku Mangochi Boma kudzera ku Namiyasi ndi ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay, mchenga umene alendo ankakhalapo unamira, madzi analowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo, ndipo asodzi ena anasowa poyanika usipa. Kuyambira pamenepo pakhala pakumveka zonena zambiri, zina zoona pang'ono, zina zosocheretsa.

Chimene chimamveka kwambiri n'chakuti boma linatseka madzi pa Kamuzu Barrage ku Liwonde pofuna magetsi, n'chifukwa chake a ku Mangochi anavutika. Anthu amafunsa kuti, nyanja ingadzaze bwanji chaka cha chilala, pamene chimanga chinauma m'minda? Funsoli ndi lomveka. N'zoona kuti zitseko za pa Liwonde, zimene zinamangidwa mu 1965, ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kuonjezera madzi opita ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma nyanjayi sidzazidwa ndi mvula ya ku Mangochi. Madzi ake ambiri amachokera kumpoto, m'mitsinje monga Songwe, North Rukuru, South Rukuru ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, komanso mvula yogwera pa nyanja penipenipo. Chaka chimenecho El Niño anaumitsa kum'mwera, koma kumpoto ndi ku Tanzania mvula inagwa yochuluka.

Tiganizirenso kukula kwa nyanjayi. Kuti itsike ndi sentimita imodzi yokha, pafunika kuchoka madzi okwana makyubiki mita pafupifupi 300 miliyoni. Khomo lotulukira ndi limodzi, mtsinje wa Shire, umene umayenda mwaulesi kudutsa m'nyanja ya Malombe chifukwa malowo ndi a fulati. Madzi ambiri amene nyanja imataya amauma ndi dzuwa; odutsa mu Shire ndi ochepa. Kutsekula zitseko zonse nthawi imodzi kukanatsitsa nyanja pang'onopang'ono kwambiri, pamene abale athu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akanamira m'masiku ochepa. Kudandaula za kayendetsedwe ka zitsekozo n'kololedwa, ndipo a National Water Resources Authority ayenera kumafotokozera anthu momveka, nthawi isanathe. Koma kunena kuti vuto lonse ndi Liwonde n'kudzinamiza.

Ena amati, pano madzi sanafikepo chibadwire changa. Funsani agogo. Cha m'ma 1980 nyanja inafika pa mamita 477, kuposa pamene inafika mu 2024. Kale kwambiri, pakati pa 1915 ndi 1935, inaphwa mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanjamo. Posachedwapa, mu 2016 ndi 2017, inatsikanso, magetsi n'kumazimazima dziko lonse. Zaka za kuphwa ngati zimenezi ndi zimene zimatipusitsa: mchenga umatambalala, wina amauyesa malo opanda mwini, n'kugulitsa. Madzi saiwala khwawa. Zaka makumi atatu zimene munthu wakhala pamalo n'zochepa pa moyo wa nyanja.

Palinso oti, malowa ndinagula, a mfumu anasaina, ndiye ndingamange pamene ndafuna. Kalata ya mfumu imachitira umboni za kugula, sisintha malamulo a za madzi, amene amaletsa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 m'mbali mwa nyanja. Pulani ya nyumba iyeneranso kudutsa ku khonsolo. Mpanda wa simenti nawo suthandiza kwenikweni, pakuti mwera ukayamba mu June ndi July mafunde amakumba pansi pa maziko, ndipo madzi ena amatumphukira pansi.

Nkhani ya inshuwalansi ndi imene imandimvetsa chisoni, chifukwa munthu amazindikira zinthu zitaonongeka kale. Ambiri amaganiza kuti akalipira, chilichonse chogwera nyumba chidzalipidwa. Inshuwalansi ya moto payokha siteteza ku madzi osefukira pokhapokha atatchulidwa m'pangano. Ngakhale atatchulidwa, kampani imayang'ana zinthu zingapo isanavomere: nyumba yatalikira bwanji ndi gombe, pansi pake pakwera motani, madzi anafikapo kale kapena ayi, ndiponso ngati inamangidwa ndi chilolezo. Poopsa kwambiri mtengo umakwera, mwinanso amakana. Wobisa zoti malo ake anamirapo akhoza kumanidwa chipukutamisozi. Komanso mapangano ambiri amakamba za ngozi yadzidzidzi, pamene nyanja imakwera pang'onopang'ono kwa miyezi, aliyense akuona. Funsani mwachindunji: nyanja ikakwera n'kulowa m'nyumba, mudzalipira? Yankho lake lilembedwe.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi msodzi ndi mayi wogulitsa nsomba, amene nyumba yawo ya zidina ili pagombe chifukwa ndi pamene amapezera chakudya, ndipo za inshuwalansi sanazilotepo. Kuwauza kuti samukani osawasonyeza kopita n'kuwalakwira. Khonsolo ya Mangochi, mafumu ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA apeze malo okwera oti anthuwa akhalepo, ndipo mzere wa mamita 477 uikidwe zipilala zooneka m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Inu amene mukufuna kugula malo kunyanja, musalipire musanaitane woyeza malo kuti akuuzeni pamene mzerewo wadutsa.