Munthu akagwa mtima utaleka kugunda, thandizo lili m'manja mwa amene ali pafupi

Pa 29 August 2007, dziko la Zambia linataya katswili wa mpila wa miyendo Chaswe Nsofwa, amene anagwa mwadzidzidzi pa masewela okonzekela m'dziko la Israel, kumene anali kusewelela timu ya Hapoel Be'er Sheva. Anali ndi zaka 28 cabe. Pa 12 June 2021, Christian Eriksen wa ku Denmark nayenso anagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Copenhagen. Madokotala anayamba kumudinikiza pacifuwa pa kapinga pomwepo, nagwilitsa nchito makina a magetsi, ndipo mtima wake unayambanso kugunda. Mu February 2022 anabwelela m'bwalo. Si onse amene amapulumuka ngakhale atathandizidwa msanga, koma amene sanathandizidwe konse amamwalila m'mphindi zocepa.

Vutoli, limene acipatala amalicha cardiac arrest, limabwela pamene mphamvu ya magetsi imene imalamula kugunda kwa mtima yasokonezeka. Kawilikawili mtima umangonjenjemela osapopa magazi. Ndi losiyana ndi heart attack, pamene mtsempha wopita ku mtima watsekeka ndipo munthu amamva ululu pacifuwa koma akali kulankhula, ngakhale kuti heart attack ikhoza kucititsa mtima kuima.

Zizindikilo zake n'ziwili: munthu sayankha mukamuitana kapena kumugwedeza mapewa, ndiponso sapuma bwino. Apa ndipo ambili amasokela. M'mphindi zoyamba wodwalayo akhoza kukoka mpweya mwa apo ndi apo monga woliza mkonono, kapena kugwedezeka pang'ono ngati wa khunyu. Oona amati wangokomoka. Wina amamuthila madzi, wina amamukupiza ndi citenge, wina amathamanga kukafuna motoka. Zonsezi zimacokela mu mtima wabwino, koma kupuma kotele si kupuma kwenikweni, ndipo ubongo umayamba kuonongeka pakapita mphindi 4 kufikila 6 usanalandile magazi. Ulendo wocokela ku komboni kapena kumudzi kukafika ku cipatala umatenga nthawi yoposa pamenepo.

Cotelo musataye masekondi oposa 10 poyang'ana ngati akupuma. Lozani munthu mmodzi, osati gulu lonse, ndi kumuuza kuti aimbe foni pa 992 kuitana ambulansi kapena akonze motoka. Inu gonekani wodwalayo cagada pamalo olimba, pansi osati pa matilesi. Gwadani pambali pake, ikani cikhato pakati pa cifuwa, dzanja lina pamwamba pake, ndipo mikono ili yoongoka dinikizani mwamphamvu kuti cifuwa cilowe masentimita 5 kufikila 6. Citani zimenezi maulendo 100 kufikila 120 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pafupifupi kawili pa sekondi, mukulola cifuwa kubwelela m'malo mwake nthawi iliyonse. Manja anu ndiwo akugwila nchito ya mtima, kukankhila magazi ku ubongo.

Amene anaphunzitsidwa amauzila mpweya m'kamwa kawili akadinikiza maulendo 30. Amene sanaphunzile, kapena akuopa kuika pakamwa pa munthu wacilendo, apitilize ndi manja okha. Kwa mwana, kapena munthu wovuulidwa m'madzi, kuuzila mpweya n'kofunika kwambili.

Nchitoyi ndi yotopetsa, motelo sinthanani pakapita mphindi 2 zilizonse popanda kuimitsa nthawi yaitali. Nthiti ikhoza kuthyoka. Musaleke cifukwa ca ico, pakuti nthiti imapola. Lekani pokhapo wodwalayo atayamba kupuma bwino kapena acipatala atalandila nchitoyo.

Kudinikiza pacifuwa kumangosunga moyo kwa kanthawi. Cimene kawilikawili cimabweza mtima m'malo ndi makina ochedwa AED, onga amene anathandiza Eriksen. Mukawayatsa amalankhula okha, amakuuzani pomata zomata zake pacifuwa, ndipo sapeleka mphamvu ya magetsi ngati mtima sukuifuna. Pamene akupeleka mphamvuyo, pasakhale wokhudza wodwalayo. Makinawa sapezeka paliponse, ndipo n'koyenela kuti oyang'anila mabwalo a masewela, masukulu, misika ndi machalichi aganizile zokhala nao. Maphunzilo a thandizo loyamba amapelekedwa ndi mabungwe onga Zambia Red Cross Society ndi St John.

Matenda ena a mtima amayenda m'magazi a pabanja. Mu October 2022, Enock Mwepu analeka kusewela mpila ali ndi zaka 24 madokotala atamupeza ndi matenda otele pamene anali ku Brighton. Aliyense amene anakomokapo pothamanga kapena pogwila nchito yolemetsa, kapena amene m'bale wake anamwalila mwadzidzidzi akali wamng'ono, apite ku cipatala akapimitse mtima.