Mphaka wa ku Persia sadzakulonderani nkhokwe

ULONGUE — Achibale ochokera ku Joni ndi ku Maputo akamaonetsa zithunzi za mphaka waubweya wautali, wankhope yophwatalala, ena kumudzi amayamba kumusirira. Abale, mvetserani kaye musanagulitse mbuzi.

Dzina lake lidachokera ku dziko la Persia, lomwe lero ndi Iran, koma nkhopeyo idadza ndi oweta, posankha amphaka amphuno zazifupi kuti aziswana. Mu 1871 mtunduwu udaonetsedwa pa chionetsero cha amphaka ku London, mphuno isanalowe mkati chonchi. Lero mphunoyo imamuvutitsa kupuma, makamaka kotentha ngati mumzinda wa Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40. Maso ake amangolengeza misozi, ndiye manthongo muzipukuta ndi kansalu konyowa m'mawa uliwonse.

Ubweyawo umafuna chipeso tsiku ndi tsiku. Mukaulekerera umapotana mfundo zokhazokha, utitiri n'kubisalamo. Akangolowa patchire, chisoso chonse chathera pa iye! Ena amabadwanso ndi nthenda ya impso ya kumtundu.

Nanga makoswe? Iyeyu ngwapampando. Ntchito ya kunkhokwe musiyireni chona wathu wamba, bola mum'bayitse katemera wa chiwewe.