Musanakwere basi ya ku Joni kukafuna katswiri, dziwani izi

Mwezi sutha ndisanalandire uthenga wochokera ku Blantyre wofunsa za madokotala a kuno ku Johannesburg. Wa ku Bangwe akuti bambo ake atupa miyendo ndipo akubanika. Wa ku Machinjiri akuti shuga wa mayi ake wakana kutsika. Banja lasonkherana ndalama, ena agulitsa mbuzi kumudzi, ndipo akufuna dzina la katswiri woti akamuone wodwalayo. Ine dzina sinditchula msanga. Ndimayamba ndi mafunso atatu amene aliyense wokhala kuno amaphunzira kufunsa: kodi dokotalayo anaphunzira chiyani, analembetsedwa kuti, nanga angathe kukugonekani m'chipatala chiti?

Matenda ngati amenewa amaonedwa ndi dokotala wa matenda a m'kati mwa thupi, amene kuno amamutcha physician. Iyeyu sachita opaleshoni. Ntchito yake ndi kufufuza ndi kuchiza pogwiritsa ntchito mankhwala matenda a akuluakulu monga kuthamanga kwa magazi, shuga, mtima, impso, chiwindi, mapapo, chifuwa chachikulu ndi zovuta zobwera ndi HIV. Amafunika kwambiri matenda akaphatikizana, monga pamene shuga wawononga impso, impsozo zakweza BP, mtima nawo n'kuyamba kufooka. Pamenepo pamafunika munthu mmodzi woona thupi lonse ndi kudziwa mankhwala amene sagwirizana.

Njira yofikira pa udindo umenewu ku South Africa ndi yaitali. M'mayunivesite ambiri digiri yoyamba, MBChB, imatenga zaka 6. Kenako pamabwera zaka 2 zogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala cha boma, ndi chaka chimodzi chotumikira kumene boma lakutumiza, lamulo limene linayamba mu 1998. Akatero ndiye dokotala wa matenda onse, uja amamutcha GP akatsegula ofesi yake. Wofuna ukatswiri amabwerera kuchipatala chophunzitsira kukakhala registrar zaka zina 4, kulemba mayeso a Colleges of Medicine of South Africa ndi kuchita kafukufuku wa digiri ya MMed. Akakhoza, kumapeto kwa dzina lake kumalembedwa FCP(SA). Pamenepo zaka zakwana 13 ngati sanapumepo. Akafuna kulowa mozama pa mtima pokha kapena impso pokha, amawonjezera zina ziwiri kapena zitatu. Choncho mukaona chikwangwani cholembedwa MBChB yokha, dziwani kuti ndi dokotala weniweni, koma si katswiri wa matenda a m'kati.

Pepala la kusukulu palokha silimupatsa munthu ufulu wogwira wodwala. Ayenera kulembetsedwa ku Health Professions Council of South Africa, HPCSA mwachidule, bungwe loyendetsedwa ndi lamulo la 1974. Dokotala aliyense ali ndi nambala yoyamba ndi zilembo MP, ndipo amalipira chaka ndi chaka kuti akhalebe m'kaundula. Kaundulayo ali poyera pa intaneti. Muli ku Zingwangwa komweko mungathe kulemba dzina la dokotala pafoni n'kuona ngati alipo, ngati chilolezo chake chikugwira ntchito, ndiponso ngati analembetsedwa monga katswiri. Palinso nambala ina, practice number, yoperekedwa kudzera ku Board of Healthcare Funders, koma imeneyo ndi yolipiritsira ndalama ku mabungwe a medical aid. Musazisokoneze ziwirizi. Dokotala wophunzira kunja, ngakhale Mmalawi wophunzira kwathu, nayenso sangagwire ntchito kuno mapepala ake asanatsimikizidwe ndi kulandiridwa ndi HPCSA.

Kufufuza kumeneku si mwano. Mu Okutobala 2023 mnyamata wina wotchuka pa TikTok, amene ankavala ngati dokotala ndi kulangiza anthu zikwizikwi za mankhwala, anagwidwa ndi alonda pachipatala cha Helen Joseph. Yunivesite ya Wits inakana kuti anaphunzira udokotala kumeneko, ndipo HPCSA inati m'kaundula mwake mulibe. Ngati munthu wotere anakhulupiriridwa ndi eni dziko, nanga bwanji mbale wathu wopanda mapepala, woopa kufunsidwa pasipoti, amene amathamangira m'kachipinda kobisika m'tauni chifukwa safunsa mafunso? Anthu athu ambiri amabayidwa jekeseni ndi kumwa mapiritsi kwa anthu amene palibe bungwe lingawaimbe mlandu zinthu zikalakwika.

Funso lachitatu, la chipatala, ndi limene limadya ndalama za mabanja. Kuno kuli njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Ya boma ikufanana ndi imene mukuidziwa. Monga munthu wa ku Ndirande, Chilomoni kapena South Lunzu amayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake n'kutumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital (Queens) ndi kalata, kunonso umayambira ku kiliniki, kenako chipatala cha chigawo, kenako zipatala zazikulu monga Chris Hani Baragwanath ku Soweto, Charlotte Maxeke ndi Helen Joseph. Akatswiri ambiri a m'zipatala zitatuzi amaphunzitsanso ku Wits. Sungafike pageti n'kutchula dzina la amene ukufuna. Umaonedwa ndi gulu lonse la madokotala a tsikulo, katswiri n'kumayang'anira. Ku kiliniki ya boma salipiritsa, koma m'zipatala zazikulu amalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza, ndipo mlendo wobwera kudzafuna chithandizo amauzidwa mtengo wokwera.

Njira ya zipatala zolipira ndiyo imadabwitsa obwera kumene. Makampani atatu, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, ndiwo ali ndi zipatala zambiri, koma akatswiri ogwira ntchito m'menemo si olembedwa ntchito ndi chipatalacho. Dokotala amakhala ndi bizinesi yakeyake, amachita lendi zipinda zoonera odwala, ndipo chipatala chimamupatsa chilolezo chogoneka odwala ake m'mawodi mwake. Akakhala kuti alibe chilolezo pachipatala chimene mwasankha, sangakuoneni kumeneko. Chotsatira chake n'chakuti bilu siibwera imodzi. Chipatala chimalipiritsa bedi, unamwino ndi mankhwala. Dokotala amatumiza yake. Oyeza magazi, monga Lancet kapena Ampath, amatumiza yawo, ojambula ekisire nawonso yawo. Wopanda medical aid amafunsidwa ndalama zambiri zachikole asanapatsidwe bedi. Ngakhale eni dziko amene ali pa medical aid, omwe sakwana munthu mmodzi mwa asanu alionse, amawonjezera za m'thumba chifukwa katswiri ali ndi ufulu wolipiritsa kuposa zimene bungwe lawo limapereka. Banja limene linangowerengera mtengo wokaonana ndi dokotala limapezeka lauma manja wodwala asanayambe n'komwe kulandira mankhwala.

Malamulo amateteza mlendo pa zinthu zina, ndipo n'kofunika kuzidziwa. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala. Komabe magulu ngati Operation Dudula akhala akuima pa mageti a makiliniki kubweza alendo. Dziwaninso kuti pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 okha polowa, pamene matenda a impso kapena mtima satha mwezi umodzi. Wofuna kukhalitsa chifukwa cha chithandizo amafunika visa yachipatala, yomwe imafuna kalata ya dokotala ndi umboni wa amene alipire.

N'chifukwa chake ndimati yambirani kwanu. Blantyre ili ndi madokotala a matenda a m'kati. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Imaphunzitsa MMed ya ukatswiri womwewu, ndipo aphunzitsi ake amaona odwala ku Queen Elizabeth Central Hospital. Enanso amapezeka m'zipatala zolipira monga Mwaiwathu ndi Blantyre Adventist. Mzere wa ku Queens ndi wautali, makamaka poti boma la Blantyre lilibe chipatala chake chapakati, koma shuga ndi BP ndi matenda ofuna dokotala wapafupi amene angakuoneni mobwerezabwereza kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anthu ochuluka chotere sangachiritsidwe ndi maulendo a basi. Ulendo wa kuno ukhale wa chinthu chimene katswiri wa kwathu wanena kuti sichikupezeka, ndipo wodwala anyamule kalata yake, zotsatira za magazi, zithunzi, kabuku ka kuchipatala ndi mayina a mankhwala onse amene akumwa. Popanda zimenezi kuyeza konse kumayambira pachiyambi, ndalama n'kupita kawiri.

Mafunso atatu aja ndi ofunikanso m'makiliniki a m'makwalala mwathu. Medical Council of Malawi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ndiyo imalembetsa madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, komanso kupereka zilolezo kwa makiliniki olipira. Ma clinical officer ndiwo anyamula ntchito yaikulu ya zaumoyo m'dziko mwathu ndipo ayenera ulemu, koma wodwala ali ndi ufulu wodziwa amene akumuthandiza ndi polekezera maphunziro ake. Wogwira ntchito woona mtima sakwiya akafunsidwa, ndipo matenda akamukulira amalemba kalata yokutumizani kwa wamkulu.

Abale anga a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, musanagulitse malo kapena kutenga katapira chifukwa cha dzina limene mwangomva, funsani nambala ya dokotalayo ndipo muione m'kaundula. Funsani ukatswiri wake, chipatala chimene amagonekako odwala, ndi mtengo wonse wolembedwa papepala. Ndipo inu amene muli kuno, wachibale akakupemphani dokotala, musamutumize kwa munthu amene simunamufufuze.