Katapila Asanafike pa Katete: Njira ya Makina Olemera Ochokera Kutsidya kwa Nyanja

Dziko la Zambia lilibe gombe la nyanja yamchere, koma makina ambiri amene akugwira ntchito ku Katete, Sinda ndi Vubwi anayamba akwera sitima ya pamadzi. Gireda yosalaza msewu, katapila wokumba damu, thalakitala, makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, zambiri mwa izi zimapangidwa ku China, India, Japan kapena ku Ulaya. Kuyambira mu 2022, pamene thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makhonsolo ambiri m'dziko muno akhala akugula makina okonzera misewu. Nthawi zambiri amagula kwa ogulitsa a ku Lusaka, koma ndalama za ulendo wonse wochokera kunja zimakhala zili m'kati mwa mtengowo. Ndalamazo ndi zathu, choncho njirayi tiyenera kuidziwa. Nawonso magulu a alimi amene akusonkherana kuti aitanitse okha makina ayenera kuidziwa asanatumize ngakhale ngwee imodzi.

Makina sakwera sitima mofanana. Chigayo, jenereta kapena thalakitala yaing'ono amaimasula n'kuilonga mu kontena ya mafiti 20 kapena 40. Otambalala kuposa kontena amawaika pa flat rack, chitsulo chopanda denga ndi makoma a m'mbali. Oyenda okha pa matayala amawayendetsa mpaka m'mimba mwa sitima za mtundu wa RoRo, ndipo aakulu kwambiri amawanyamula ndi kireni. Katapila wokumba asanakwere, amayamba amutsuka matope onse, nthawi zina amamuchotsa mkono ndi ndowa yake, amapaka girizi pazitsulo zowala kuti mphepo yamchere isazidye dzimbiri, kenako amamumanga ndi maunyolo pangodya zonse zinayi. Muyezo ukhale woona. Katundu wotere amalipiritsa poona kulemera kwake kapena malo amene watenga, n'kutenga chimene chakula.

Pamene anthu ambiri amaluza ndalama si panyanja ayi, ndi papepala la mgwirizano. Pafupi ndi mtengo pamalembedwa zilembo zitatu zochokera m'malamulo a malonda otchedwa Incoterms, amene bungwe la International Chamber of Commerce linawakonzanso mu 2020. Pakalembedwa FOB, wogulitsa udindo wake umathera pokweza makinawo m'sitima kwawo komweko. Zotsala zonse n'zanu. Pakalembedwa CIF Beira, iye amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka pa doko la Beira. Apa mpofunika kumvetsetsa: ngakhale walipira ndi iye, ngozi ya katunduyo imakhala pamutu panu kuyambira pamene wakwezedwa m'sitima, ndipo inshuwalansi imene lamulo la CIF limamukakamiza kugula ndi yochepetsetsa. Kuchoka pa Beira kufika pakhomo panu, zolipira padoko, lole, ejenti ndi msonkho, zonsezo sizili m'mtengowo. Gulu la alimi likhoza kusangalala kuti lapeza makina otsika mtengo, n'kudzadzidzimuka makinawo ataima padoko, m'thumba mulibe kanthu. Pakalembedwa DAP Katete, wogulitsa amafikitsa yekha katunduyo pa Katete, inu n'kulipira msonkho. Pa DDP ngakhale msonkhowo ndi wake. Ine ndimaona kuti kwa anthu amene akuitanitsa koyamba, DAP ndiyo yabwino, ngakhale mtengo wake umaoneka wokwera, chifukwa ndalama zonse zimaonekera poyera kuyambira pachiyambi.

Makina akakwera, kampani ya sitima imapereka chikalata chotchedwa bill of lading. Ndi lisiti, ndi umboni wa mgwirizano wa ulendowo, komanso ndicho chimene chimatsegulira katundu padoko. Dzina ndi nambala ya makina zikalakwika pamenepo, zimalakwika pamapepala ena onse otsatira.

Kwa ife a kuno kummawa, doko lapafupi ndi Beira ku Mozambique, limene mbali yake ya makontena ndi katundu wamba yakhala ikuyendetsedwa ndi kampani ya Cornelder kuyambira mu 1998. Lole imachoka pa Beira, kudzera cha ku Chimoio, kukhotera kumpoto mpaka ku Tete. Kumeneko malole olemera amaoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kuti upepukitse mlatho wakale wa Samora Machel. Kenako amafika pa Cassacatiza, n'kulowa m'Zambia pa Chanida, ndipo kuchoka apo kufika pa Katete ndi makilomita pafupifupi 55. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 900. Njira ina ndi ya doko lakuya la Nacala, kudzera m'Malawi n'kutulukira pa Mchinji ndi Mwami, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 maiko awiriwa amaonera katundu malo amodzi. Katundu wochokera kudoko la Dar es Salaam kapena la Durban amazungulira ku Lusaka, n'kuyendanso makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kuoloka mlatho wa Luangwa.

Padoko, nthawi ndi ndalama. Kampani ya sitima imapereka masiku owerengeka aulere. Akatha, kontena imayamba kulipiritsidwa tsiku ndi tsiku m'madola, ndipo doko nalo limafuna zake za kosungira. Katundu wongodutsa m'Mozambique salipira msonkho wa kumeneko, koma amayenda pa bondi, chikole chotsimikizira kuti atulukadi m'dzikomo. N'chifukwa chake ejenti ayenera kupezeka ndi kulandira mapepala sitima isanakocheze. Zina sizili m'manja mwa munthu: mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira n'kudula msewu waukulu wotuluka mumzindawo. Inshuwalansi yabwino ndi imene imaperekeza katundu mpaka pamalo otsitsira, osati yothera padoko.

Pa Chanida katunduyo amalowa m'manja mwa Zambia Revenue Authority (ZRA). Woitanitsa ayenera kukhala ndi TPIN, nambala yake ya msonkho, ndipo ejenti wovomerezeka ndi ZRA ndiye amalowetsa zonse pa kompyuta kudzera mu ASYCUDA World. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'buku la misonkho, ndipo nambalayo ndiyo imanena kuchuluka kwa msonkho. Makina ambiri ogwirira ntchito amalipira wochepa, kuyambira 0 mpaka 5 peresenti, pamene katundu wina wopangidwa kale amafika pa 25 peresenti. Msonkhowu amawerengera pa mtengo wa makina kuphatikiza sitima ndi inshuwalansi, ndipo pamwamba pake pamabwera VAT ya 16 peresenti. Zipangizo zina za ulimi zimakhululukidwa, koma malamulowa amasintha ndi bajeti ya chaka, choncho funsani a ZRA musanalipire wogulitsa. Wina akakunong'onezani kuti alembe mtengo wotsika kuti msonkho uchepe, mukaneni. Zikadziwika, chindapusa ndi kulandidwa kwa katundu zimagwera mwini wake.

Chatsala ndi msewu. Lole yonse ndi katundu wake siyenera kupitirira matani 56, ndipo pa sikelo amayeza ekiselo iliyonse payokha. Katundu wolemera, wotalika kapena wotambalala kuposa malire amafunika chilolezo chapadera cha Road Development Agency, chimene chimanena njira yodutsa, ndipo nthawi zina chimalamula kuti pakhale galimoto yoperekeza ya nyali ndi mbendera zofiira. Lamulo limeneli likuteteza ifeyo, pakuti lole imodzi yolemera mopitirira ikhoza kuthyola kamlatho kamene mudzi wonse umadutsapo popita kuchipatala. Ku Vubwi ndi m'midzi ya ku Sinda, kumene misewu yambiri ndi yafumbi, gawo lomalizali ndilo lovuta. Lole yonyamula makina olemera, yotchedwa lowbed, imayenda chapansipansi, imakhudza nthaka pachitunda chilichonse, ndipo mvula ikayamba mu Novembala imatitimira msanga. Makina ayenera kuitanitsidwa kuti afike m'chilimwe.

Makina ogulidwa ndi ndalama za boma amagulidwa motsatira lamulo la Public Procurement Act la 2020, limene Zambia Public Procurement Authority imayang'anira. Nzika ili ndi ufulu wofunsa khansala wake kapena a Ward Development Committee kuti mtengo umene walengezedwa ukuphatikiza chiyani, makinawo ndi atsopano kapena ogwirapo kale ntchito, ndiponso chitsimikizo chake n'cha nthawi yaitali bwanji. Funso limene ndimalikonda koposa ndi la zosinthira. Gireda ya mtundu umene ulibe wogulitsa zitsulo zake m'Zambia ikathyoka pampu, pampuyo iyenera kuitanitsidwa kunja, kudutsanso pa kasitomu, ndipo miyezi imene ikudikiridwa ikhoza kukhala yomweyo imene msewu wa ku Vubwi umafunika kusalazidwa alimi asanayambe kutulutsa chimanga ndi soya.